Injini ya Ferret si ya Land Rover ayi

Achimwene a ku Luchenza, mwafunsa ngati tigalimoto tachitsulo ta asilikali tija tili ndi injini ya Land Rover, komanso ngati masipeya ake munthu angawapeze ku Limbe. Ayi ndithu. Ferret, kagalimoto kachitsulo kankhondo komwe mukunenako, inkapangidwa ndi kampani ya Daimler ku Coventry ku England kuyambira 1952 mpaka 1971, injini yake ndi Rolls-Royce B60 ya petulo, masilinda 6. Fox, imene inabwera pambuyo pake ndipo asilikali athu anali nayo, inali ndi injini ya Jaguar ya malita 4.2. Eland, galimoto inanso yankhondo ya ku South Africa, ndi mwana wa galimoto ya ku France yotchedwa Panhard AML, zonse zake n'zosiyana.

Ine ndine makaniko kuno ku Thyolo ndipo chimene chimandisangalatsa pa Ferret ndi giyabokosi, umayamba wasankha giya kenako n'kuponda pedulo ndiye imalowa, ndipo magiya onse 5 amagwiranso ntchito pobwerera m'mbuyo, kuthawa adani osatembenuka. Koma vuto lili pomwepo, tayala lililonse lili ndi shafti yake ndi kabokosi kake ka magiya, ukayenda nayo kwambiri pa tala zimalimbana zokhazokha n'kuperepeseka msanga, dothi ngati la m'minda ya tiyi ndi limene imakonda.

Ma bearing ndi ma oil seal ena mutha kufananiza poyeza, mabatire nawonso, bola mukumbuke kuti magetsi ake ndi 24 volts. Koma za giyabokosi zimachoka ku Britain kwa anthu osunga magalimoto akale ankhondo, kapena kugwetsa ina kuti inzake iyende. Ku Limbe musavutike.