Mafizo a m'shamba

Mtsikana wina amene akumaliza maphunziro a mafizo (kuchiza polimbitsa ndi kuwongola ziwalo) ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS wandilembera imelo. Akufuna kukathandiza akaidi kundende ya Chichiri, koma anzake akumuseka kuti akataya digiri pachabe. Achemwali, mwandikumbutsa tsiku lomwe ndinachita manyazi.

Ndikugwira ntchito pachipatala china kuno ku Blantyre, anandibweretsera mkaidi wachikulire, unyolo uli m'manja, msilikali wa ndende ataima pakhomo. Msana ukuwawa, mawondo osawongoka bwino, mapazi otupa. Ine ndinayamba kulakatula za m'kalasi: usiku muzigona chagada, pilo pansi pa mawondo, muzithowa msana ndi madzi otentha, muziyendako musanagone. Bambowo anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Adokotala, ine ndimagona m'shamba." Msilikali uja anayang'ana kumbali kubisa phwete.

Shamba ndi pakati pa selo. Amene alibe malo m'mbali mwa khoma amachezera chokhala usiku wonse, mawondo ali pachifuwa, mutu atatsamiritsa pamsana pa mnzake. Amatsekeredwa dzuwa likadalipo, kutuluka m'mawa. Munthu woteroyo ine ndikumuuza za pilo! Madzi otentha akawaphitsa pati?

Ndiye anzanu osekawo andimve. Kuthithikana kumalumalitsa anthu amene analowa akuyenda okha, ndipo woweruza sanawalamule zimenezo. Mu 2009, pamlandu womwe mkaidi Gable Masangano anasumira boma, khoti linalamula boma kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka pa miyezi 18. Mpaka lero nkhaniyi timangoimvabe pawailesi. Onjezani TB, imene ikalowa m'mafupa a msana imatha kupha miyendo. Onjezani isoniazid, mankhwala a TB omwe amabweretsa dzanzi ndi moto m'mapazi munthu akapanda kumwera limodzi ndi vitamini ya pyridoxine. Nanga nsima ya mgaiwa ndi nandolo kamodzi patsiku, minofu ingabwerere nazo? Wodwala sitiroko kumudzi ali ndi mkazi kapena mlongo womutembenuza. Kundende amadalira chisoni cha mnzake wa m'selo.

Ndipo china chimandinyansa: ife azaumoyo timakonda kufunsa kuti "analakwa chiyani ameneyu?" tisanamugwire n'komwe. Inenso ndinafunsapo. Bondo silidziwa mlandu, komanso ambiri ali pa rimandi, khoti silinawapeze olakwa.

Tsono mupite?

Pitani, koma muyambe mwalembetsa ku Medical Council of Malawi, bungwe lopereka ziphaso kwa azaumoyo, ndipo manja akhwime kaye pazipatala ngati Queens kapena cha mafizo cha Kachere pomwe pali akuluakulu okuwongolerani. Kuchitira chifundo kuli apo, musanyamulire munthu kalata kapena foni, ntchito ingakuthereni. Makina musawayembekezere: botolo la madzi ndiye chitsulo chonyamula, chitenje ndiye lamba wokokera mwendo. Ndipo gwirizanani ndi anyapala, akaidi oyang'anira anzawo m'selo, chifukwa ndiwo amadziwa wogona pati.

Bambo aja ndinafufuta zonse zomwe ndinawalembera. Ndinawaphunzitsa kupinda ndi kuwongola mapazi ali chikhalire, kufinya minofu ya ntchafu n'kuwerenga mpaka 10, ndi kugwira khoma m'mawa n'kuwongola msana pang'onopang'ono akangotsegulira. Ndinalembanso kakalata kopita kwa azaumoyo a kundendeko kupempha kuti awapatse malo a kukhoma. Msilikali anakapinda, n'kukaika m'thumba la malaya.