Kodi "borrow" ndi "lend" Amasiyana Bwanji?

FUNSO: Ndine wophunzira wa Fomu 4 ku Dedza. Aphunzitsi athu a Chingerezi anandichotsera malikisi chifukwa ndinalemba kuti "Borrow me your pen", chonsecho anthu ambiri, ngakhale a m'maofesi, amayankhula choncho. Kodi cholakwika n'chiyani?

YANKHO: Aphunzitsi anu sanakulakwireni. Mawu awiriwa amanena za chochitika chimodzi, koma amasiyana pa amene akuchita. Munthu amene akutenga chinthu cha mnzake kuti adzabweze ndiye timamunena ndi "borrow", pamene mwini chinthu, amene akuchipereka kwa kanthawi, timamunena ndi "lend". Chiganizo chanu chija chinalakwika chifukwa munapatsa mwini cholembera mneni wa wopempha.

Chisokonezochi gwero lake ndi Chichewa chathu chomwechi, popeza timati "ndabwereka njinga" komanso "ndibwerekeni njinga", mneni mmodzi yemweyo n'kugwira ntchito mbali zonse ziwiri. Si ife tokha ayi, pakuti Chijeremani nachonso chili ndi mneni "leihen" amene amachita chimodzimodzi. Kuti musamasokonezeke, ganizirani za ndalama, pomwe timasiyanitsa bwino kukongola ndi kukongoza: wokongola ndiye wa "borrow", wokongoza ndiye wa "lend".

Kamangidwe ka chiganizo ndi kumene kumagwetsa ambiri pa mayeso a MSCE. Mneni "lend" amalola kuti wolandira atchulidwe pompo, monga "Lend me your pen", kapena atsogozedwe ndi "to", monga "She lent her bicycle to Chikondi". Onani kuti pa zinthu zakale timalemba "lent", osati "lended". Koma "borrow" amafuna kuti mwini chinthu atsogozedwe ndi "from", monga "I borrowed a pen from my teacher". Popempha mwaulemu munganene kuti "May I borrow your pen?" kapena "Could you lend me your pen?", ndipo zonsezi n'zolondola.

Mudzakumananso ndi "loan", lomwe kwenikweni ndi dzina lotanthauza ngongole, ngakhale kuti ku America amaligwiritsa ntchito kwambiri ngati mneni m'malo mwa "lend". Ine ndingakulangizeni kuti pa mayeso mulisiye likhale dzina. Ndipo ngati chinthucho ndi nyumba kapena galimoto yomwe mukulipira kuti muigwiritse ntchito, mawu oyenera ndi "rent" kapena "hire".