Halloween ya 1978 ioneninso, koma osati pa foni

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuoneranso filimu yoopsa ya Halloween ya 1978, yomwe munaionera pa tepi muli mnyamata, poti mwana wanu akuiseka kuti ndi yozizira ndipo ilibe magazi. Ine ndikuti ioneninso, koma musaonere pa foni.

Mwanayo sakunama ayi. Anthu ophedwa ndi asanu okha, ndipo mmodzi mwa iwo, makaniko uja, timangoona mtembo wake m'tchire. Michael Myers, wakupha wa mu filimuyi, akangopha mlongo wake Judith kumayambiriro kuja, ali ndi zaka 6, theka la filimu limadutsa mpeni usanagwirenso ntchito. Amene anakulira pa mafilimu a masiku ano, odula anthu nthulinthuli, angayasamule ndithu.

Koma wotsogolera filimuyi John Carpenter ndi wojambula wake Dean Cundey mantha anawabisa m'mphepete mwa chithunzi. Anajambula chithunzi chotambalala kwambiri, ndipo matepi ambiri a nthawi ija ankadula mbali zonse ziwiri kuti chikwane pa TV. Choncho mwina zina simunazione n'komwe. Laurie, mtsikana amene Michael akumulondalonda, ali m'kalasi, akasuzumira pawindo, Michael waima tsidya la msewu pafupi ndi galimoto. Pobwerera kunyumba, waima kuseri kwa mpanda wa maluwa, mnzake kukayang'ana, palibe. Kenako ali pakati pa nsalu zoyanika pachingwe, dzuwa likuswa mtengo. Sathamanga, salankhula, timangomva kupuma kwake. Chakumapeto, Laurie atapeza mitembo ya anzake, amaima akulira pafupi ndi chitseko chamdima, ndiye nkhope yoyera ija imayamba kuonekera pang'onopang'ono kumbuyo kwake. Cundey ankangowonjezera kuwala kwa getsi limodzi pang'ono ndi pang'ono. Pa foni, panja pakuwala, mungoona mdima basi n'kumati mwanayo ananena zoona.

Mukamaonera muli wamkulu mudabwanso ndi umphawi wake. Anaipanga ndi ndalama pafupifupi madola 300,000, m'masabata ochepa. Chigoba chomwe Michael amavala kumaso chija ndi cha Captain Kirk wa mu sewero la pa TV la Star Trek, anachigula chotchipa m'sitolo, n'kuchikulitsa maso, n'kuchipopera penti yoyera. Nyimbo ya piyano ija anapeka ndi Carpenter yemweyo. Jamie Lee Curtis, wosewera Laurie, inali filimu yake yoyamba, ndipo dzina lalikulu linali la Donald Pleasence, wosewera Dr. Loomis, dokotala wa Michael uja.

Zoseketsa ziliponso, sindikubisirani. Nkhaniyo akuti ikuchitika ku Haddonfield, Illinois, kumapeto kwa Okutobala, koma anajambulira ku California nyengo yoti mitengo ili biriwiri. Masamba ouma ankawamwaza okha, kuwatolera m'matumba, kukawamwazanso kwina, ndipo mukayang'anitsitsa muona mitengo ya kanjedza, yomwe ku Illinois kozizira kuja siingamere m'misewu. Michael anatsekeredwa zaka 15 kuyambira ali kamwana, koma galimoto akuyendetsa bwinobwino. Nanga Laurie kutaya mpeni kawiri konse pambali pa munthu woti sanatsimikize kuti wafa? Pamenepo ngakhale ine ndimakuwa. Macheza a atsikana aja nawo akalamba.

Chimodzi muchichotse m'mutu musanayambe: zoti Laurie ndi mlongo wake wa Michael mu filimu yoyambayi mulibe. Anaziwonjezera mu Halloween II ya 1981, ndipo kwa ine zinaononga zinthu, chifukwa choopsa chenicheni n'chakuti mtsikanayo sanalakwe kanthu. Anangopita kukasiya kiyi pakhomo la nyumba yakale ya a Myers, atatumidwa ndi bambo ake, munthu uja n'kumuona ali m'katimo. Halloween ya 2018, yotsogoleredwa ndi David Gordon Green, inataya za ubalezo n'kupitiriza kuchokera pa ya 1978, Curtis akusewera Laurie atakhala agogo. Ngati mwanayo ali wamkulu ndithu, muonere naye yoyambayo usiku pa TV, magetsi ozimitsa, mafoni patali. Ndi ya mphindi 91 zokha. Ya 2018 mudzaonere tsiku lina.