Anandisecha chikwama pamaso pa ana amene ndinawalera

Achemwali amene mukufuna kulemba mtsikana wantchito wam'nyumba, mawu anu akuti "popeza amadya ndi kugona pakhomo, malipiro asachuluke" andiimitsa mutu. Amadya chiyani? Mkute wadzulo, ataimirira kukhitchini mwana ali kumsana?

Ine ndinagwirapo ntchito imeneyi ku Area 47 ku Lilongwe ndisanapite ku Joni. Kudzuka kusanache, kukolopa, phala la ana, matewera, kusita malaya a abwana, usiku mwana akalira ndine. Wamng'onoyo ndinamulandira asanayambe n'kukwawa komwe. Tsiku lina madamu anasowetsa ndalama za chipereganyu, Loweruka, azimayi anzawo a kutchalitchi ali pabalaza. Sanandifunse n'komwe. Analowa kuboizikota, anatulutsa chikwama changa n'kuchikhuthulira pakhonde, zovala zamkati, nsalu zakumwezi, kalata ya mayi anga, zonse poyera, mlonda akuona. Amvekere "anthu akumudzi inu ndi choncho, ukawachitira chifundo amakubera." Azimayi aja, ena atavala yunifomu ya mpingo, palibe anatsegula pakamwa. Kamwana kaja kanandigwira chitenje kakulira, iwo anakakoka n'kunena kuti usamukhudze wakubayo. Ndinatola zovala zanga chogwada. Ndalamazo anatenga ndi amuna awo, mlonda ndiye anadzandinong'oneza. Pepani sanabwere, ndipo pakutha pa mwezi anandidulabe ndalama ya mbale imene anaswa mwana wawo wamkulu. Mayi ameneyu pagulu ankanditchula "mwana wathu". Mwana wanu mungamugoneke pamphasa pafupi ndi matumba a makala?

Ku South Africa nakonso madamu ovuta alipo, koma lamulo lili ndi mano. Kuyambira Malichi 2022 wantchito wam'nyumba analinganizidwa ndi antchito ena pa malipiro otsikitsitsa, R23.19 pa ola nthawi imeneyo. Bwana amayenera kukulembetsa ku UIF, thumba la boma lothandiza munthu ntchito ikamuthera, akakuchotsa mwachinyengo umapita ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito. Mu 2020 khoti lalikulu linagamula kuti ukavulala pantchito ulandire chipepeso, nkhani inachokera pa mayi amene anamira mu swimming pool ya abwana ake ku Pretoria. Vuto n'lakuti ambiri a ife tilibe mapepala ndiye timangomeza. Kwathu kuno Employment Act ya 2000 ilipo, malipiro otsikitsitsa a antchito am'nyumba boma limalengeza, ofesi ya leba ili paboma. Koma mtsikana wochokera ku Dedza amene sadziwa n'komwe kokwerera minibasi akafikako bwanji?

Ndiye inu achemwali, nsima si malipiro. Funsani ku leba mlingo wa chaka chino, muwonjezerepo, chifukwa mukumusiyira mwana, osati mbuzi. Mpatseni tsiku lopuma, kukagwa maliro kwawo apite. Mulembe pakope zimene mwagwirizana, nonse musaine.

Komanso ndisakunamizeni, ena manja ndi aatali ndithu, ndinagwirapo ndi wina ku Joni amene ankatulutsa shuga m'masokosi. Ndalama muzikiya, kuchipinda kwanu asalowe, akamapita kumudzi muone m'chikwama, koma muli awiri, chitseko chili chotseka. Ndipo atsikana amene muli mugulu muno, ana a eni musawakonde kwambiri, tsiku lochoka sakulolani n'kutsanzika komwe. Koma ntchito musasiye msanga, pirirani mpaka mutapeza kwina.