Majumbo a bowa abiriwira, chalakwika n'chani?

Mayi ena aku Kamwendo ku Mchinji anditumizira imelo, akuti majumbo awo a bowa wa oyisitala amayamba bwinobwino kuyera kenako pakubwera zigamba zobiriwira, bowa osatuluka olo mmodzi, ndiye akufunsa ngati anawagulitsa mbeu yoipa.

Mayi, mbeu itha kukhala ndi vuto inde, koma musathamangire kukalalatira okugulitsani. Chimenecho ndi chuku chotchedwa Trichoderma, chimakhala m'dothi ndi m'fumbi paliponse, ndipo tinjere take ndi tosaoneka ndi maso, timayenda ndi mphepo, m'manja, pa chitenje, pa mpeni, ngakhale ndi tintchentche ting'onoting'ono tija timazungulira mu shedi. Tikagwera pa mapesi onyowa timamera ulusi woyera ofanana ndi wa bowa ndiye munthu umangosangalala kuti zikuyenda pomwe mdani ali kale mkati. Ulusi umenewu umakula nsanga kuposa wa bowa, umalanda chakudya, komanso umakulunga ulusi wa bowa ngati chilambe pa mtengo n'kumatulutsa timadzi tosungunula khungu lake, n'kumaudya. Kubiriwira kumabwera pambuyo, ndi nthawi yomwe chayamba kubala tinjere tatsopano tankhaninkhani. Mukaona girini dziwani kuti nkhondo inayamba masiku apitawo.

Nthawi zambiri chimalowa pa malo awiri. Pophika ndi nthunzi mu dilamu, pomwe mapesi kapena makoko a mtedza sanapse mpaka pakati chifukwa tikuumira nkhuni, majumbo othithikana nthunzi osadutsa. Ndi pothira mbeu, ena amathirira panja pamphepo uku akucheza, manja osapaka sipiliti. Mukaonjezera madeya ochuluka ndi madzi ochuluka, basi mwachiphikira nsima. Finyani mapesiwo m'manja, akamachucha madzi ndiye kuti anyowetsa, azingodontha pang'ono chabe. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala nako chimakukonda, madigiri 25 mpaka 30 ndi pomwe chimathamanga, ndipo chimakonda powawasa, nchifukwa chake alimi amathira laimu pang'ono ponyika mapesi.

Si ife tokha, ku Ireland chinasautsa alimi a bowa zaka za m'ma 1980. Chodabwitsa n'choti mitundu ina ya Trichoderma imagulitsidwa ngati mankhwala oteteza mizu ya mbeu ku matenda, pajatu ntchito yake ndi kudya chuku chinzake, ndipo bowa naye ndi wa mtundu omwewo.

Jumbo lobiriwiralo musalitsegule mu shedi ayi, mukangong'amba mwafesa nyumba yonse. Likulungeni mu pulasitiki ina, mukalikwirire kutali kapena kuliotcha. Ena amathira mchere pa kachigamba kakang'ono, ine sindizikhulupirira kwenikweni, pansi pake chimakhala chafalikira kale. Mukatero tsukani mashelefu ndi Jik, tsekani mazenera ndi neti, ndipo musanathire mbeu yotsalayo yang'anani botolo lake pa dzuwa, ngati muli kadontho kobiriwira olo kamodzi libwezeni.