Funsani Amakaniko: Likhweru lomveka galimoto ikathamanga

FUNSO: Ndili ndi galimoto ya mtundu wa Toyota Sienta imene ndinaitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, ndipo ndimayenda nayo kawirikawiri pakati pa Lilongwe ndi Ntcheu. Mumzinda imayenda mwakachetechete, koma ndikafika pa liwiro la makilomita 80 pa ola kumayamba kumveka likhweru lochokera chakutsogolo, mbali ya kumanzere, ndipo ndikaponda moto nalonso limakula. Masiku ena limasokosa kwambiri, masiku ena pang'ono chabe. Ku galaja ina anandiuza kuti ndi beringi ya tayala, ndinagula yatsopano, koma palibe chimene chasintha. Miyezi ingapo yapitayo ndinasinthitsa galasi lakutsogolo litasweka ndi mwala, komanso padenga pali kaliyala. Kodi ndiyambire pati, ndipo kodi zimenezi n'zoopsa?
Bambo wa ku Ntcheu

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu, imene mwailongosola bwino moti theka la yankho lili momwemo. Pepani kuti ndalama za beringi zinapita pachabe, pakuti beringi yotha siimba likhweru. Imalira ndi mawu aakulu a pansi, ndipo kulirako kumakula kapena kuchepa mukamakhota, malinga ndi mbali imene kulemera kwa galimoto kwatsamira. Chimene mwafotokozachi chikuoneka kuti ndi mphepo imene yapeza kampata kopapatiza, ndipo musagulenso chipangizo china chilichonse kufikira mutaloza ndi chala pamene pali kampatako.

Mwanena kuti likhwerulo limasinthasintha malinga ndi tsiku, ndipo umenewu ndi umboni waukulu. Chimene chimabala phokoso lotere ndi liwiro la mpweya wodutsa pa galimoto, osati nambala imene mukuona pa mita. Msewu wa M1 kuchoka ku Lilongwe kudutsa ku Dedza mpaka ku Ntcheu umalowera kummwera chakum'mawa, komwenso kumachokera mphepo ya nyengo yozizira, imene anzathu a kunyanja amaitcha mwera. Ngati mukuyenda pa 80 ndipo mphepo ya makilomita 20 pa ola ikukuombani chamaso, mpweya ukudutsa pa galimoto pa liwiro la 100, pamene pobwerera, mita ikuonetsa 80 yemweyo, mpweyawo ukudutsa pa 60 yokha. Beringi, tayala ndi injini sizilabadira kumene mphepo ikuchokera.

Kuti mutsimikize, sankhani msewu woongoka wopanda magalimoto ambiri, mufike pa liwiro limene likhweru limayambira, kenako muchotse phazi pa moto. Kulira kwa injini kudzatsika nthawi yomweyo, koma phokoso la mphepo lidzapitirira mpaka galimoto itachepetsa liwiro. Mvetserani pamene mukuchoka pa phula lakale lokhakhala kulowa pa losalala, chifukwa phokoso la matayala limasintha pamenepo pamene la mphepo silisintha. Mvetseraninso pamene mukudutsana ndi thiraki yaikulu: ngati likhweru ladukiza kapena lakwera mwadzidzidzi, ndiye kuti ndi mphepo ndithu. Dinaninso batani limene limatseka mpweya wakunja kuti fani izizunguliza wam'kati, pakuti phokoso likasintha mukatero, vuto lili panjira yolowera mpweya, pansi pa pulasitiki imene ili kutsinde kwa mawaipa.

Chifukwa chimene simulimvera mumzinda n'chakuti phokoso la mphepo limakula mofulumira kuposa mmene liwiro limakwerera, moti pa 50 limabisika m'kulira kwa injini ndi matayala, koma pa 80 kapena 100 limaposa zonsezo. Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Mpweya ukamakhota kuchoka pa galasi lakutsogolo kupita m'mbali umathamanga kwambiri, ndipo mphamvu imene umakankhira pa chitseko imachepa poyerekeza ndi ya mpweya wam'kati. Zotsatira zake n'zakuti chakumwamba kwa chitseko chimakokedwera kunja pang'ono, ndipo labala wa m'mphepete mwa chitseko amene amaoneka kuti wagwira bwino galimoto ili chiimire amasiya kampata ikathamanga. N'chifukwa chake makaniko amene wangozungulira galimoto pa galaja, osakwera nanu, amangolota.

Chida chabwino koposa pa ntchitoyi ndi tepi yamapepala imene opaka penti amagwiritsa ntchito, chifukwa imamatuka osawononga utoto mukapanda kuisiya padzuwa masiku ambiri. Yambani mwachotsa kaliyala, ngati ndi womanga ndi mabawuti, kuti asakusokonezeni. Tsukani galimoto, iume, kenako matani tepi m'mphepete monse mwa galasi lakutsogolo, pamene galasi lakumana ndi chitsulo, kuyambira pamwamba mpaka m'mbali zonse ziwiri, ndipo muitsindike ndi chala kuti isasiye khwinya. Yendani pa msewu womwe uja pa liwiro lomwe lija. Likhweru likatha, musafulumire kuchotsa tepi yonse, koma muzimatula kachidutswa kotalika ngati chikhatho, n'kuyendanso, mpaka pamene likhwerulo lidzabwerere, ndipo pamenepo muikepo chizindikiro. Likapanda kutha, isiyeni tepi ya pagalasi ili pomwepo ndipo mumate malo achiwiri, amene ndi tsinde la galasi loonera kumbuyo la kumanzere pamodzi ndi kapulasitiki ka makona atatu kamene kali pafupi nalo, kenako mzere wa pamwamba pa chitseko. Cholakwa chimene anthu amachita ndi kumata malo onse nthawi imodzi, phokoso n'kutha, koma osadziwa kuti latha chifukwa cha pati. Popeza phokosolo lili kumanzere, tengani munthu wina akhale pa mpando umenewo ndi kapaipi kakafupi, mbali imodzi pakhutu, ina akuyendetsa m'mphepete mwa galasi ndi mwa chitseko. Inu maso anu akhale pamsewu.

Malinga ndi mmene mwalembera, ine ndikukayikira galasi lakutsogolo kuposa china chilichonse. Magalasi a magalimoto a masiku ano amamatidwa ndi guluu wakuda wa polyurethane, ndipo woika galasi akasiya kampata mu mzere wa guluuyo, kapena akabwezera labala wakale wam'mphepete amene anapindika pochotsa, mphepo imapeza poimbira. Mutha kuona kampatako galimoto ili chiimire: tsekani zitseko ndi mazenera onse, yatsani fani pa mphamvu yake yonse ikukoka mpweya wakunja, ndipo mupake thovu la sopo m'mphepete mwa galasi chakunja. Pamene thovulo likufufuma ndi pamene pakutuluka mpweya. Ngati ndi labala wam'mphepete yekha amene watukuka, vutolo ndi laling'ono. Koma ngati mpata uli mu guluu, bwererani kwa amene anaika galasilo kuti akalichotse n'kulimatanso, ndipo musalole kuti angothirapo silikoni pamwamba, chifukwa guluu wa galasi sagwira pamene padutsa silikoni, ndipo madzi otsekeredwa pansi pake amadyetsa chitsulo dzimbiri. Apa mpamene pali yankho la funso lanu lachiwiri, pakuti galasi limeneli limathandiza kuchirikiza denga galimoto ikagubuduzika, ndipo m'magalimoto ambiri airbag (thumba la mpweya loteteza munthu pangozi) ya wokwera kutsogolo imatsamira pa galasilo ikamafufuma. Galasi lomatidwa mwachinyengo likhoza kuchoka pa nthawi imene likufunika kwambiri.

Tepi ikaloza ku chitseko, tengani kapepala, mukaike pa labala, mutseke chitseko, ndipo mukakoke. Pamene labala wagwira bwino kapepalako kamalimba, pamene watha kamasololoka mosavuta, ndipo muyese motero kuzungulira chitseko chonse. Ena amapaka choko pa labala n'kutseka chitseko, kenako n'kuona pamene chokocho sichinadinde. Dzuwa la mwezi wa Okutobala ndi fumbi zimaumitsa malabala, komanso magalimoto ambiri amene timaitanitsa amafika atatha kale zaka zambiri. Kumbukiraninso ngati munatsekerapo makiyi m'kati wina n'kukanula chitseko chakumwamba kuti alowetse waya, chifukwa chitsulo chimenecho sichibwerera chokha m'malo mwake, ndipo labala watsopano sangathandize kufikira owongola magalimoto atachibweza. Posamala labala gwiritsani ntchito sopo, madzi ndi mafuta a silikoni opangidwira ntchitoyo. Oyilo wa injini ndi girizi zimamufufumitsa n'kumuwononga, ngakhale kuti otsuka magalimoto ena amapaka kuti awale.

Kaliyala nayenso amalira, koma mawu ake ndi aakulu, ochokera pamwamba, ofanana ndi mmene mawaya a magetsi amalirira kukamaomba mphepo, ndipo chifukwa chake n'chimodzimodzi: mpweya umasiya timikuntho tosinthanasinthana kuseri kwa chitsulo chozungulira. Kukulunga chingwe mozungulira chitsulo chopingasacho, mosiya mipata ya zala zitatu kapena zinayi, nthawi zambiri kumathetsa kulirako, ngakhale kuti kuchotseratu kaliyala pamene simukunyamula katundu kumapulumutsanso mafuta. Phokoso lophupha kapena lomenya kuchokera pansi limakhala la pulasitiki ya pansi pa injini kapena ya m'kati mwa madigadi, imene timapini take tinathothoka pa maenje ndi mahampu, ndipo imeneyo imangeni msanga isanakulungidwe ndi tayala. Kugunda kopweteka m'makutu kumene kumabwera mukatsegula zenera limodzi lakumbuyo si kuwonongeka, ndipo kumatha mukatsitsa pang'ono zenera lina lakutsogolo.

Popeza Sienta ili ndi chitseko chachikulu kumbuyo, yesaninso labala wake ndi kapepala kaja ngakhale kuti likhweru lanu lili kutsogolo. Kuseri kwa galimoto yothamanga mpweya umazungulira n'kubwerera, ndipo labala wong'ambika pamenepo amalowetsa fumbi pamodzi ndi utsi wa ekizozi, umene uli ndi mpweya wa carbon monoxide wopanda fungo. Mukaona fumbi lofiira litaunjikana m'kati mwa chitsekocho, kapena okwera kumbuyo akamadandaula mutu ndi tulo pa ulendo wautali, sinthani labala ameneyo musananyamulenso anthu.