Dzanzi la m'manja lodzutsa usiku: yankho kwa amayi a ku Lizulu

Lachiwiri lapitali ndalandira imelo yochokera ku Lizulu, wotayipa ndi mwana wawo pa foni koma mawu ndi a mayi ake. Dzina sinditchula. Ali ndi zaka 47, ndi telala, makina awo ali pakhonde la sitolo ina pamsika paja, ndiye masiku ena amathandizanso achemwali awo kusenda mbatatesi ya tchipisi. Funso lawo ndalidulako koma likuti:

"Miyezi isanu tsopano dzanja langa lamanja limachita dzanzi usiku, limandidzutsa cha m'ma 2 koloko, ndimachita kuligwedeza kapena kulilendewetsa m'mbali mwa bedi kuti lisiye. Singano ikumandipulumuka, mabatani akundivuta. Ena akuti ndi sitiroko ikubwera, ena akuti ndi madzi ozizira a kunoku, apongozi anga akuti ndikatemere. Kodi ndi chani chimenechi, ndipo chimatha?"

Amayi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi tulo tomwe mukutayato. Munthu sayezedwa pa intaneti, kuchipatala mupitabe, koma mmene mwafotokozeramu ine maganizo anga athamangira ku mtsempha wopanikizika. Nde pali chinthu chimodzi chomwe simunanene chomwe ndikuchifuna kuposa zonse: ndi zala ziti zikuchita dzanzi? Kachala kakang'ono kakumapeto kali m'gulu kapena ayi? Zikuoneka ngati zazing'ono koma pa ntchito yanga ya fizio, yothandiza ziwalo za odwala kuti ziyambenso kugwira ntchito bwino, funso limeneli ndi lomwe limandilozera pomwe pali vuto ndisanamugwire n'komwe munthu.

Mawu oti mtsempha ife timatchulira zinthu zitatu, wa magazi ndi mtsempha, chingwe cholimba chokoka chala ndi mtsempha, komanso uja wonyamula uthenga pakati pa ubongo ndi khungu kapena mnofu timangoti mtsempha. Pano ndikukamba wachitatuwu. Yofika m'dzanja ikuluikulu ilipo itatu, yonse imachokera m'khosi nkutsika ndi mkono, ndipo uliwonse uli ndi malo ake othina pomwe umadutsa movutikira, ngati paipi ya madzi yodutsa pansi pa msewu. Ukafinyika pamenepo, zala zake zokha ndi zomwe zimadandaula, zinazo zimakhala bwinobwino.

Womwe ndikuuganizira kwa inu ndi wapakati, madokotala amati median nerve. Pomangira wotchi paja, mbali ya chikhatho, pali kangalande, pansi ndi m'mbali timafupa, pamwamba kalamba wolimba wosatamuka. M'kangalande kameneka mumadutsa zingwe 9 zopinda zala, kuphatikiza mtsempha umodziwu, ndipo pa zonsezi wofewa ndi iwowo, ndiye mukangotupa pang'ono m'katimo wovutika ndi womwewo. Dzina la matendawa ndi carpal tunnel syndrome. Dzanzi lake limagwira chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati, ndi theka la chala cha mphete. Kakang'ono sikakhudzidwa. Zimakula usiku chifukwa tikagona dzanja limapindika lokha osadziwa, ena timachita kulitsamira kumutu, ndiye mpata uja umacheperachepera kwa maola angapo mpaka mtsempha kukudzutsani. Kugwedeza dzanja komwe mwanenako ndi chizindikiro chodziwika kwambiri, pafupifupi aliyense wa vutoli amandionetsa chimodzimodzi ndisanamufunse.

Mutha kuyesa nokha chonchi: gundanitsani kumbuyo kwa manja onse awiri patsogolo pa chifuwa, zala zikuloza pansi, mukhale choncho masekondi 60. Ngati dzanzi lija labwera m'zala zomwe ndatchulazi, zikuloza komweko. Kuyeza kumeneku kumatchedwa ndi dzina la George Phalen, dokotala wa ku America yemwe anaona odwala ambiri a vutoli m'ma 1950 ndi 1960. Kwina ndi kugogoda ndi chala pamwamba pa kangalande kaja, ena amamva ngati shoko ya magetsi ikuthamangira kuzala. Koma zisakunamizeni, pali ena odwala ndithu omwe sizibwera poyesa, ndiye kusabwera sikutanthauza kuti muli bwino.

Chimayambitsa ndi chani? Madzi ozizira ayi. Inde June ndi July wa kuno ku Dedza ndi kwanuko manja amauma, ndipo chisanu chimapangitsa kuti mumve kwambiri, koma sichomwe chafinya mtsempha. Ntchito yanu ili ndi mbali yake, sizasi yodula nsalu yokhuthala tsiku lonse, kugwira kampeni mwamphamvu dzanja lili chopindika mpaka ndowa ziwiri zitatu za mbatatesi, kufinya zovala, mpini wa khasu, komanso kwa abambo makina onjenjemera ngati ogirayindira zitsulo. Koma si ntchito yokha, ndipo apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Amayi amadwala kwambiri kuposa abambo, makamaka a zaka ngati zanuzi. Shuga imayambitsa. Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka chimayambitsa. Nyamakazi yotupitsa mfundo, kunenepa kwambiri, kuthyoka kwakale pomangira wotchi, zonsezi. Amayi oyembekezera miyezi yomaliza ija thupi likasunga madzi nawonso amadzuka ndi dzanzi, koma kwa ambiri mwa iwo limatha lokha akachira. Ndiye inu mukapita, chonde mukapemphe akuyezeni shuga, olo mukudzimva kuti muli bwino. Ndaonapo anthu angapo amene shuga yawo inadziwikira pa dzanja.

Tsopano ngati mungandiyankhe kuti dzanzi lili pa kachala kakang'ono ndi kachiwiri kake, nkhani yasintha. Umenewo ndi mtsempha wina, ulnar nerve, ndipo malo ake othina ali pachigongono, mbali yam'kati. Mukudziwa mukagunda chigongono pa mpando kapena pafelemu ya chitseko nkumva chinthu chikuthamanga mpaka ku kachala kakang'ono, mpaka kugwira mkono nkukhala kaye chete? Ndi umenewo, uli pafupi ndi khungu penipeni. Umavutika ndi kupinda chigongono nthawi yaitali, kugona mkono uli chopinda, kuyankhula pa foni ola lathunthu, kutsamira chigongono pa tebulo la makina kapena pawindo la minibasi kuchoka Lizulu mpaka Lilongwe. Womwewu umafinyikanso m'chikhatho, mbali ya kachala kakang'ono, ndipo amene ndimawamvera chisoni ndi anyamata a kabaza, tsiku lonse thupi lonse latsamira pa mahandulo, msewu wa mabampu, ena mahandulo ake chitsulo chokhachokha labala anatha kalekale. Mnyamata wina wonyamula matumba a mbatatesi kuchokera cha ku Bembeke anandionetsa dzanja lake, zala ziwiri zakumapeto zitayamba kukhota ngati zikhadabo za nkhuku, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kumbuyoku patalowa dzenje. Ankati ndi kuonda chabe.

Wachitatu ndingodutsapo, radial nerve. Umazungulira fupa la mkono wam'mwamba, ndiye munthu akagona tulo tofa nato mkono uli pa chotsamira cha mpando, nthawi zambiri atamwa, amadzuka dzanja lili lende osatha kulidzutsa. Ndodo zoyendera zam'khwapa zikatalika zimachitanso zomwezo. Ambiri amachira m'masabata kapena miyezi ingapo.

Za sitiroko ndiyankhe mosazungulira chifukwa ndikudziwa kuti ndi zomwe zikukusowetsani mtendere. Sitiroko simabwera pang'onopang'ono miyezi isanu, usiku wokhawokha, nkumatha mukagwedeza dzanja. Imagwa mwadzidzidzi, mkono wonse kufooka, nthawi zambiri ndi mwendo wa mbali yomweyo, kamwa kupotoka, mawu kusamveka. Zikachitika zimenezo ndi zothamangira kuchipatala ola lomwelo, osadikira kuche. Zanuzi sizikufanana nazo. Komabe BP kayezetseni, sizilira ndalama.

Pali zina zofanana nazo zomwe a chipatala ayenera kuzichotsa. Ngati ululu ukuchokera m'khosi nkumatsika mkono mukatembenuza mutu, vuto likhoza kukhala m'khosimo. Ngati dzanzi linayambira kumapazi onse awiri, kutentha ngati mwaponda moto, kenako manja, pamenepo timaganiza za shuga, HIV, mowa, kapena mankhwala a TB aja a isoniazid, n'chifukwa chake amaperekera limodzi vitamini B6. Ndipo khate musaliiwale, anthu amaona ngati linatha koma likupezekabe, limakonda kutupitsa mtsempha wa pachigongono uja, ndiye ngati pali zigamba zotuwa pakhungu zosamva kukhudza kazionetseni. Mankhwala ake ndi aulere, miyezi 6 kapena 12.

Nanga chimatha? Eya, kwa ambiri chimatha, makamaka akachipeza msanga. Choyamba ndi kuligoneka dzanja chowongoka usiku. Pali masipulinti, zomangira dzanja kuti lisapindike, ogula m'mafamase, koma ngati palibe dulani katoni yolimba kapena tengani rula ya mwana wa sukulu, ikulungeni ndi kansalu, inu ndi telala simusowa zidutswa, muyike kuyambira pakati pa chikhatho mpaka kupitirira pomangira wotchi, mumange ndi bandeji mosathinitsa, zala zizitha kuyenda. Usiku uliwonse kwa masabata 4 mpaka 6, osati masiku atatu nkusiya. Masana nolani sizasi ndi kampeni kuti musamalimbane nazo, kulungani chigwiriro ndi nsalu chinenepe, muzipumira pafupipafupi nkutambasula zala, ndipo za mbatatesizo achemwali apeze kaye wina mwezi umodzi. A pachigongono, kulungani thaulo pachigongono pogona kuti chisapindike kwambiri, ndipo musiye kutsamira. A kabaza, magolovesi ndi labala wa mahandulo, muzisinthasintha kagwiridwe. Panado ndi Brufen zimachepetsa ululu koma sizikuza ngalande, ndipo Brufen wa tsiku ndi tsiku miyezi yambiri amawononga m'mimba ndi impso.

Za kutemera, apongozi anu akunena chifukwa chokukondani, muwalemekeze, koma mtsempha uli m'kati pansi pa kalamba kaja, mphini sizifikako, ndipo ngati muli ndi shuga yosadziwika bala la lumo pa dzanja ladzanzi likhoza kukubweretserani zina.

Sipulinti ikakanika pali jekeseni ya steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, yobaya m'ngalandemo, imathandiza ambiri kwa miyezi ingapo ngakhale kwa ena zimabwereranso. Kenako opaleshoni, ndipo mawu amenewa asakuopseni. Amadula kalamba kaja kuti mtsempha upume, nthawi zambiri amangobaya dzanja lokha mankhwala oletsa kumva ululu inu muli maso, mphindi zosakwana 30, tsiku lomwelo kunyumba, ulusi amachotsa pakatha masabata awiri, ntchito zolemera mudikire masabata angapo. Yambirani pachipatala chaching'ono chakwanuko akulembereni kalata yopita ku Ntcheu District Hospital, mukafunse a mafupa, ma orthopaedic clinical officer, ndi a fizio. Zikafunika amatumiza ku Lilongwe, ku Kamuzu Central, komwe kulinso chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION.

Chomwe chikundipangitsa kukukakamizani ndi singano ikukupulumukaniyo. Dzanzi la usiku lokha ndi poyambira, koma zinthu zikayamba kugwa m'manja masana ndiye kuti mtsempha wayamba kutopa. Azakhali anga anapirira zaka zinayi, ankangopaka mafuta otentha aja nkumati ndi ukalamba. Tsiku lina ndikuwathandiza kumanga chitenje ndinaona kuti mnofu wonenepa uja wa patsinde pa chala chachikulu kulibe, paphwa ngati bwato, khobidi la patebulo ankachita kulikokera kumapeto kuti alitole. Opaleshoni anachita, tulo anayamba kugona, koma mphamvu ya chalacho sinabwerere yonse, poti mtsempha ukawonongeka umamera pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndipo mnofu ukakhala nthawi yaitali opanda uthenga sudzukanso bwino. Inu muli pa miyezi isanu, mpata ulipo waukulu. Tambasulani zikhatho zonse ziwiri pamalo owala mufananize patsinde pa zala zazikuluzo, ngati lamanja laphwa kapena dzanzi silikuchokanso olo masana, za masabata 6 zija zisiyeni, pitani sabata ino.

Usiku uno likakudzutsani, musanaligwedeze, tsinani kaye kachala kakang'ono, kenako chamkombaphala, mumve kusiyana kwake. Mawa mumuuze mwana wanuyo alembe papepala zala zake, nthawi yomwe zimayamba, ndi mankhwala onse omwe mukumwa, mukalowe nalo limodzi ndi buku lanu la kuchipatala.